Yolakwika Ija

Anabwera pa kabaza Lachiwiri, dzuwa lili paliwombo,
atafungatira wailesi ngati mwana wa malungo.
Ndinkamudziwa: uja wokumba mijigo ku Namwera,
Wilmer wa ku Colombia, amene ana ankamutcha Wilima.
Anati yamwa madzi.
Ndinati khalani pa benchi, bwana, tione.

Ndinaitumbula. Mphemvu ziwiri, fumbi la msewu wa ku Chowe,
kawaya kamodzi kogwedera ngati dzino la mwana.
Nditawotcherera ndinabaya kamemole kake kuti ndiyese,
ndipo m'kashopu kanga,
pakati pa mafoni akufa ndi mabatire otupa,
munalowa ng'oma.

Ng'oma yoyenda motsimphina
ngati munthu wosenza katundu wolemera koma akuseka,
chitoliro pamwamba pake, chisekese pambali,
ndi china chopuma ngati mvukuto wa wosula makasu.
Asiyatu wa zitumbuwa pakhomo anasiya kuwerenga chenje.
Phewa lake linayamba lokha.

Kumbiya, anatero mwini wake.
Kwathu kulinso mtsinje waulesi ngati Shire wanuyu,
kutentha komweku, udzudzu womwewu.
Ng'omazi zinafika kumeneko m'zombo
pamodzi ndi anthu a unyolo m'miyendo.
Sindinayankhe.
Athu kuno anawatengera kuvuma, njira ya nyanja ina,
komabe chikopa chikalira, mimba imazindikira mbale wake.

Usiku ine ndimaimba besi.
Tilipo anayi: Twaibu pa ng'oma, Ndaziona pa mawu,
Mkwanda pa kiyibodi yobwereka kutchalitchi
imene mabatani ake awiri anagona kalekale.
Milungu itatu tinaiphunzira kuseri kwa chigayo,
magetsi akalola.
Mawu sitinkawamva.
Ndaziona anawalemba pa katoni monga khutu linamuuzira,
pomwe panatsala mpata anatsekapo ndi Chiyao.

Loweruka, pa M'baluku, kutsidya kwa mlatho.
Anthu ankafuna zomwe amazidziwa.
Tinaiyamba. Zii.
Wina anakuwa kuti oimba aledzera.
Kenako dzanja la Twaibu linaterereka,
linabwerera lokha ku manganje a kwawo,
ndipo mipando inayamba kukankhidwa.

Wilmer anaseka mpaka kugwira tebulo.
Akuti m'chinenero chake tinkaimba kuti
ng'ona yakwatiwa ndi nsapato.
Anaseka, anaseka, kenako anasiya.
Anavula chipewa, naima pakati,
timasitepe ting'onoting'ono, phazi limodzi likukhwekhwereza pansi,
maso ali chitsinzire.
Sitinamuyang'anitsitse.
Mwamuna akamalira pagulu
umangokweza besi.

Mijigo itatha anapita, mvula isanagwe.
Wailesi anandisiyira, akuti ndiwo malipiro,
ngakhale ya kawaya kaja sanapereke mpaka lero.
Kamemole ndinabwereka mnyamata wa ku wailesi ya m'dera lino.
Amaiika Lachinayi usiku,
pakati pa mauthenga a maliro ndi mitengo ya chimanga,
ndipo anthu amaimba foni kupempha
ija ya chitoliro, ija yotsimphina.

Dzana wakabaza ankaiimba mluzu pokwera mlatho,
thukuta lili chuchuchu, ine kumbuyo ndi sipika pamwendo.
Nditamufunsa anati ndi ya ku Makanjira, yakalekale,
amalume ake ankaivina.
Sindinamutsutse.

Usiku wathawu foni inalira, uthenga wa mawu.
Kumbuyo kwake magalimoto, galu, mvula ya dziko lina.
Akuti kuno amaiimba bwino, Ajibu,
oimba khumi, malipenga onyezimira, palibe cholakwika.
Ndakhala kutsogolo penipeni, phazi langa osasuntha.
Mukakumana Loweruka mundijambulire yanu ija,
ya ng'ona ndi nsapato,
yolakwika ija.